Mkuyu wa Kuseri kwa Nyumba ku Mabvuku

Usiku wathawu chisanu chatsikira m'dambo la Mabvuku.
M'mawa uno udzu wayera mbee
ngati wina wakhutula ufa pothawa.
Mpopi wakana kulankhula.
Zala zanga zauma gwa,
koma ndisanateleke madzi a tiyi
ndazungulira kuseri kwa nyumba
kudzakuzonda, iwe mkuyu wa bambo anga.

Masamba ako, aja otambalala ngati zikhatho,
apinda zala, ada bii.
Apsa ndi moto wopanda utsi.
Nkhuyu zitatu zochedwa kupsa
zalendewera ngati mabatani a jekete yakale.

Unabwera m'thumba la ovolosi,
kamtengo kotalika ngati chala chamkombaphala,
kodulidwa pabwalo la Mgiriki wa ku Avondale
kumene bambo ankatchetcha kapinga Loweruka.
Lupiya Gwedeza, mwana wa ku Ntcheu,
mapapo odzaza fumbi la simenti,
anakubzala patsinde pa khoma loyang'ana kumpoto.
Ankati khomali limamwa dzuwa masana
n'kumakubwezera pang'onopang'ono usiku.
Amayi ankaseka:
bodza, akungofuna mtengo uziyang'ana kwawo.

Ndinaphunzira pongoona.
Epulo akatha, usamumwetsenso madzi,
nthambi yanthete ndiyo ndiwo ya chisanu.
Unjika mapesi ndi udzu wouma pamizu
mpaka kufika m'mawondo.
Mufunditse ziguduli dzuwa likamalowa,
mbandakucha usafulumire kumuvula.
Pulasitiki ayi, amatuluka thukuta n'kuwola.
Ndipo chikwanje chigone m'nyumba
kufikira Sepitembala atanena mawu ake.

Chaka chimene bambo anatisiya
palibe anakumbuka ziguduli.
Tinali pamaliro, tinali m'mizere ya mapepala,
kufunsidwa kuti kwanu n'kuti
ife obadwira pachipatala cha pompano.
Julaye anakudya mpaka pansi.
Unatsala ndodo zotuwa
zothyoka thyo, zopanda ngakhale dontho la utomoni.
Amai Chiweshe anasuzumira pampanda:
zulani, mubzalepo rape, uyo wapita.
Ndinatenga khasu.
Sindikudziwa chimene chinandigwira mkono,
mwina ulesi chabe.

Mphepo ya Ogasiti inapita ndi fumbi lake.
Tsiku lina ndikutaya madzi otsukira mbale
ndinaona timakutu tobiriwira
tikusuzumira m'mapesi owola,
tisanu, kenako tisanu ndi tiwiri.
Pamwamba unafa, inde.
Pansi unali kungosunga mpweya.

Ana anga amakutcha muonde.
Kuzizira kuno amati chando,
ndipo ndikati chisanu amandiyang'ana
ngati ndatulutsa ndalama yakale m'mpango.
Sindiwakalipira.
Iwenso suli wa kuno, suli wa ku Ntcheu,
ngakhale Mgiriki uja sankadziwa phiri la makolo ako.
Koma Disembala akafika
mapwiti ndi ana a m'misewu itatu
amadziwa bwino nyumba yako.

Lero sindikulonjeza kanthu.
Pawailesi akuti mawa kuzizira koposa,
ziguduli zabooka, mawondo anga nawo akudandaula.
Ndawerama, ndakanda khungwa ndi chikhadabo
pansi penipeni, pamene mapesi akuthera.

Kwabiriwira.
Kadontho koyera katuluka, kandimata chala.

Ndakufunditsanso, ndamanga ndi chingwe cha nsanza,
ndawonjezera bulangete lija la bambo
limene amayi analetsa kutaya.
Kombi yoyamba ikuliza hutala kumsewu.
Madzi a tiyi sindinateleke.